Foni yadzadza kale, ndiye app yanuyo ndiiyike pati?

Loweruka lapitali ndinali ku Chilomoni kwa alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Iwo ndi telala. Amasoka madiresi a zitenje, mayunifolomu a ana asukulu, ndipo nyengo ya maukwati ikafika sagona ndi zovala za operekeza akwati. Ine ndinapitira shati yanga imene yakhala kumeneko miyezi iwiri tsopano (za pachibale mukuzidziwa, wapanyumba amasokeredwa pomaliza), koma ndinakapeza nkhani ina.

"Alamu, inu mumadziwa za makompyutazi, taonani ichi," anatero akundipatsa foni. Mnyamata wina anali atawatumizira mtengo wowapangira app ya shopu yawo, yoti makasitomala azikaitenga pa Play Store. Ndalama yake inali yoti mukhoza kugula makina osokera awiri atsopano n'kutsalako ya ulusi. Alamu anali atayamba kale kuwerengetsa zokakongola ku banki m'khonde.

Ndinawafunsa kuti mufoni mwawo muli ma app angati a mashopu a anthu ena. Anaseka. Munalibe ngakhale imodzi. Pamwamba pa sikirini ya itel yawoyo panali kauthenga kaja tonse timakadziwa, koti malo atsala pang'ono kutha. Sabata yapitayo anali atafufuta mavidiyo a chinkhoswe cha mng'ono wawo kuti WhatsApp ilole kulowa yatsopano. Ndiye ngati mwini shopu sangapeze malo a app ya mnzake, makasitomala ake adzawapeza kuti malo a app yake?

Taganizani zimene mumapempha munthu mukamuuza kuti "ikani app yathu." Mukumuuza kuti atsegule Play Store, alembe dzina la shopu yanu osalakwitsa, awononge ma MB makumi angapo pa bandulo imene anagulira zina, afufute zithunzi za mwana wake kuti papezeke malo, adikire pa netiweki ya kwathu kunoyi, kenako alembetse dzina ndi nambala. Zonsezi asanaone ngakhale diresi limodzi. Munthu amachita zimenezi chifukwa cha banki yake, WhatsApp, TikTok, mwinanso app ya Baibulo kapena ya mpira. Chifukwa cha telala wa ku Chilomoni, ndikukayika.

Pali njira ina imene anyamata ambiri opanga ma app saitchula msanga, mwina chifukwa ndalama yake imakhala yochepa. Dzina lake ndi progressive web app, mwachidule PWA. Dzinali lisakuopseni. Ndi tsamba la pa intaneti, webusayiti basi, koma lopangidwa mwanjira yoti lizichita zinthu ngati app. Mumalitsegula podina linki, ngati tsamba lina lililonse. Mukalikonda mumaliika pa sikirini yanu, n'kukhala ndi kachizindikiro kake pambali pa WhatsApp ndi Facebook. Mukadina kachizindikiroko limatseguka palokha, lodzaza sikirini yonse, popanda kamzere ka adiresi kaja ka pamwamba. Mukalola, likhoza kumakutumiziraninso mauthenga. Ndipo netiweki ikathawa silikuonetsani kadinosala kaja ka Chrome.

Dzinali analipeka mu 2015 anthu awiri, Frances Berriman, katswiri wokonza maonekedwe a zinthu za pa intaneti, ndi Alex Russell, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito pa Chrome ku Google. Koma ganizo lake ndi lakale kuposa pamenepo. Mu 2007, iPhone yoyamba ikutuluka, kunalibe App Store. Steve Jobs anauza opanga mapulogalamu kuti azingopanga masamba a pa intaneti oyenda mu Safari. Anthu anadandaula, App Store inatsegulidwa mu July 2008, ndipo dziko lonse linathamangira kumeneko. Zatenga zaka kuti masamba a pa intaneti apeze mphamvu zochitira zimene ankalonjezedwa kalelo.

Kuti tsamba likhale PWA pamafunika zinthu zitatu. Ziwiri n'zosavuta. Adiresi yake iyenera kuyamba ndi https, kusonyeza kuti zimene mukutumiza ndi kulandira zabisidwa kuti wina panjira asaziwerenge. Payeneranso kukhala kafayilo kotchedwa manifest, kamene kamauza foni dzina la shopu, chizindikiro chake ndi mitundu yake. Chachitatu ndicho mwini nkhani: kapulogalamu kotchedwa service worker, kamene kamagwira ntchito kuseri inu osakaona.

Amene tinakulira m'tauni tikudziwa ntchito ya mwana wotunga madzi. Madzi akabwera pampopi, ngakhale pakati pa usiku, amadzaza ndowa ndi zigubu zonse. Mawa lake mpopi ukauma, pakhomo pamaphikidwabe nsima ndipo anthu amasamba. Service worker ndi mwana ameneyu. Tsiku loyamba mukatsegula tsambalo, amasunga mufoni mwanu zinthu zofunika: maonekedwe a tsamba, mndandanda wa katundu, zithunzi zimene mwaona. Mukabweranso, sakatenganso zonsezo pa intaneti. Amakupatsani za m'ndowa nthawi yomweyo, n'kungokatunga zimene zasintha. N'chifukwa chake ulendo wachiwiri tsamba limatseguka msanga ndipo limadya ma MB ochepa. Muli mu minibasi pa Zalewa netiweki n'kudukaduka, mukhoza kupitiriza kuona masitayilo ndi mitengo.

Koma madzi a m'ndowa ndi adzulo. Wabizinesi aliyense azikumbukira zimenezi, makamaka masiku ano pamene mtengo wa chitenje Lolemba si umene mukaupeze Lachisanu. Ngati wokupangirani tsamba sanakonze bwino za nthawi imene zosungidwazo ziyenera kusinthidwa, kasitomala adzafika pashopu ndi mtengo wa mwezi watha ali nawo pa sikirini, ndipo mkangano wake simudzawina. Tsamba labwino limalemba poonekera tsiku limene mitengo inasinthidwa komaliza, ndipo limauza munthu ngati akuona zosungidwa chifukwa alibe netiweki.

Nkhani imene ndinawafotokozera alamu ndi ya Flipkart, kampani yaikulu yogulitsa zinthu pa intaneti ku India. Mu 2015 iwo anaganiza kuti tsogolo lili mu app basi, mpaka anatseka tsamba lawo la pafoni. Ukafuna kugula pafoni, ika app. Anthu ambiri a ku India nthawi imeneyo anali ngati ife: mafoni otsika mtengo, malo ochepa, netiweki yofooka. Chaka chisanathe kampaniyo inabwerera pa intaneti ndi Flipkart Lite, imodzi mwa ma PWA oyambirira kutchuka. Malinga ndi zimene anafalitsa pamodzi ndi Google, nthawi imene munthu ankakhala patsamba inachoka pa masekondi 70 kufika pa mphindi zitatu ndi theka, ndipo data imene ankawononga inatsika katatu. Kampani ya ndalama zankhaninkhani inalephera kukakamiza anthu kuika app. Alamu anga ndi makina awo a Singer akanatha?

Twitter, imene pano ikutchedwa X, inatulutsa Twitter Lite mu April 2017. Kukula kwake sikunkafika 1MB, pamene app yawo ya Android inali yoposa 20MB. Iwo anati mauthenga amene anthu ankalemba kudzera patsambalo anakwera ndi 75 peresenti. Pafupi ndi kwathu, Konga ya ku Nigeria inati PWA yawo inkadya data yochepa ndi 92 peresenti poitsegula koyamba poyerekeza ndi kuika app yawo. Pinterest, kumene alamu amakatenga masitayilo a zitenje, inakonzanso tsamba lake la pafoni mu 2017 ndipo inati nthawi imene anthu ankakhalapo inakwera ndi 40 peresenti.

Manambalawa muwamve ndi khutu limodzi. Anawatulutsa ndi makampani eni ake, nthawi zambiri mogwirizana ndi Google, imene imapindula anthu akamakhala pa intaneti ya Chrome. Palibe kampani imene imafalitsa kuti tinayesa ndipo sizinayende. Komanso makampaniwa akamapanga PWA amakonzanso tsamba lonse kuti lipepuke, ndiye gawo lina la phindulo limangochokera pa kufulumira. Kwa ine limenelo ndiye phunziro lake: munthu wa bandulo yochepa amabwerera kumene sanadikiritsidwe.

Tsopano za m'thumba. App yeniyeni imafuna kuti ipangidwe ya Android, ndipo ngati mukufunanso anthu a iPhone, ina ya iPhone. PWA ndi imodzi, imayenda pa Tecno, pa Samsung, pa iPhone ndi pa laputopu. Kuti muike app pa Play Store mumalipira Google madola 25 kamodzi. Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse. Ndalamazi zimalipidwa ndi khadi la ku banki lolola madola, ndipo amene anayesapo kulipira chinthu chakunja ndi khadi masiku ano akudziwa mmene zimavutira. PWA sidutsa pa geti la Google kapena Apple. Mumalipira dzina la tsamba ndi malo olisungira, kawirikawiri pachaka, ndi ntchito ya wolipanga. Mukasintha chinthu lero, kasitomala amachiona akangotsegula ali ndi netiweki, popanda kumuuza kuti apite akatsitsenso yatsopano.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti PWA ndi linki. Kwathu kuno malonda amayenda pa WhatsApp status, m'magulu a mpingo, a ku ofesi, a anthu amene munaphunzira nawo sekondale. Linki imayenda m'njira zomwezo. Mkwatibwi akhoza kutumiza kwa operekeza ake asanu ndi atatu linki ya sitayilo imodzi yeniyeniyo, aliyense n'kudina n'kuiona pompo, kuphatikizapo msuweni wake amene ali ku Johannesburg ndipo ndiye akulipira. Ndi app, aliyense wa iwo akanayenera kuyamba waiika. Ndiponso munthu akafufuza pa Google telala wa zovala zaukwati ku Blantyre, tsamba likhoza kupezeka, pamene zimene zili mkati mwa app nthawi zambiri sizioneka kumeneko.

Nanga mauthenga aja amangotulukira pa sikirini? Apa ndi pamene amalonda amakomedwa. Jumia inanena kuti itayamba kukumbutsa anthu za katundu amene anasankha koma osamaliza kugula, amene ankabwerera kudzagula anachuluka ka 9 poyerekeza ndi kale. Zabwino. Koma ine ndikhale woona mtima, tsamba likangondifunsa kuti lizinditumizira mauthenga ndisanaone n'komwe chimene likugulitsa, ndimadina "Block" osaganiza kawiri, ndipo sindidzabwereranso kukasintha. Nthawi yabwino yopempha ndi pamene munthu wapereka oda, ndipo mumuuze chifukwa chake: tikudziwitseni diresi lanu likatha? Uthenga wotero aliyense amaufuna. Koma wa "mwadzuka bwanji makasitomala athu okondedwa" m'mawa uliwonse, ameneyo ndi mnzanu uja amaimba foni 5 koloko m'mawa kuti angokupatsani moni.

Sikuti zonse ndi zokoma. Vuto lalikulu la kwathu silikupezeka m'nkhani za ku India kapena ku America. Ambiri a ife timagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Bandulo yotero sitsegula masamba ena. Kasitomala aona linki yanu pa status, adina, tsamba n'kungozungulira osatseguka, iye n'kuganiza kuti tsamba lanu ndi lakufa. Palibe service worker amene angathandize munthu amene sanalitsegulepo ngakhale kamodzi. Chimene mungachite n'kuonetsetsa kuti ulendo woyambawo ndi wopepuka moti ngakhale kabandulo ka tsiku limodzi kakwanitsa. Zithunzi ndiye zimapha. Chithunzi chimodzi chochokera mu kamera ya foni chikhoza kukhala 3MB kapena kuposa, ndipo mukaika makumi awiri otero patsamba loyamba mwamaliza bandulo ya munthu asanaone mtengo. Zichepetsedwe zisanaikidwe. Batani lopereka oda likhozanso kungotsegula WhatsApp ya shopu uthenga utalembedwa kale, wonena sitayilo ndi mtengo, kuti kukambirana kupitirire kumene munthu ali ndi bandulo.

Pali tina ting'onoting'ono. Amene amagwiritsa ntchito Opera Mini atatchera kuti izipulumutsa data kwambiri sapindula ndi service worker. Linki ikatsegukira mkati mwa Facebook, munthu ayenera kusankha kuti itsegukire mu Chrome kuti athe kuiika pa sikirini. Munthu akamasesa foni n'kufufuta zonse zimene Chrome inasunga, ndowa zija zimatayikanso. Pa iPhone zinthu zinachedwa: service worker anayamba kugwira mu 2018, ndipo mauthenga anayamba kutheka mu March 2023 ndi iOS 16.4, komanso pokhapokha munthu ataika tsambalo pa sikirini. Kumayambiriro kwa 2024 Apple inafuna kuchotseratu ma PWA pa ma iPhone a ku European Union, koma inabweza ganizolo anthu atadandaula. Mwayi wathu ndi wakuti makasitomala ambiri kuno ali pa Android.

Kulipira kumafuna netiweki, pamenepo palibe kuchitira mwina. Alipo makampani a konkuno amene amalumikiza masamba ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba, koma shopu yaing'ono ikhoza kungoyamba ndi kulemba nambala yolipirira patsamba. Kwa inu ogula, chenjezo: popeza PWA sidutsa pa Play Store, palibe amene waifufuza musanaitsegule. Wakuba akhoza kupanga tsamba looneka ngati la banki kapena la shopu yodziwika, la https lomwe, n'kulifalitsa m'magulu. Muziwerenga adiresi chilembo ndi chilembo, ndipo PIN yanu musailembe patsamba limene linki yake mwangoilandira.

Ngati simunayesepo, yesani lero. Pa Android tsegulani pinterest.com kapena x.com mu Chrome, dinani timadontho titatu ta pakona yakumwamba, n'kusankha "Install app" kapena "Add to Home screen". Pa iPhone ndi mu Safari, pa batani la Share. Kenako yerekezani malo amene chadya ndi a app yeniyeni. Anthu ambiri sadziwa kuti zimenezi zimatheka, ndiye wabizinesi amene ali ndi PWA ayenera kuwaonetsa yekha, kaya pakauntala, kaya ndi kavidiyo kakafupi pa status.

Kodi geni iliyonse ikufunika PWA? Ayi. Wogulitsa mandasi kapena mabelo a kaunjika amene katundu wake amatha tsiku lomwelo, status ikumukwanira. WhatsApp Business ili ndi malo oikapo katundu ndi mitengo, mwaulere, ndipo imayenda pa bandulo ya WhatsApp ija. PWA imayamba kupindulitsa pamene anthu omwewo amabwera kawirikawiri kudzaona chinthu chimene chimasintha: lesitilanti ya zakudya zosiyana tsiku ndi tsiku, mabasi ndi nthawi zonyamukira, wogulitsa mbewu ndi feteleza, shopu ya pikulitsa, sukulu ya pulayiveti imene makolo amafuna kuona za fizi ndi masiku otsegulira. Ngati ntchito yanu imadalira zinthu zakuya za mufoni, monga kutsata kumene wa kabaza ali nthawi yonse foni ili m'thumba, pamenepo app yeniyeni ndiyo ikufunika ndipo musalimbane nazo.

Mukapita kwa wopanga, mufunseni kuti tsamba loyamba lidya ma KB angati. Ngati sakudziwa, ayeze muli pomwepo. Muyesereni pa foni yotsika mtengo kwambiri imene ilipo pashopu, osati pa laputopu yake ndi WiFi. Mukalitsegula kamodzi, ikani foni pa airplane mode n'kulitsegulanso, muone chimene chituluke. Akuonetseni mmene mungasinthire mtengo nokha pafoni yanu, chifukwa simungamuimbire nthawi iliyonse chitenje chikakwera. Ndipo dzina la tsambalo lilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu. Ndikudziwa mayi wina wa malo ogona alendo amene tsamba lake linazimiririka mnyamata amene analipanga atapita kunja, chifukwa zonse zinali m'dzina la mnyamatayo. Anachita kuyambiranso ndi dzina lina, zikwangwani ndi makadi atasindikiza kale.

Alamu anamvetsera zonsezi akudula kolala ya yunifolomu, lumo osaima. Iwo ali ndi masitayilo opitirira zana m'mafoni awiri, miyezo ya makasitomala m'makope atatu, ndi mafoni osatha a "zatha kodi?" Limenelo ndiye vuto lawo lenileni, osati kusowa app. Tinagwirizana kuti mwezi uno ayambe ndi WhatsApp Business, aikemo masitayilo makumi atatu amene amayenda kwambiri, aone ngati anthu akuwatsegula. Ndinalemberanso mnyamata uja kumufunsa mtengo wa PWA ya zinthu ziwiri zokha: masitayilo ndi mitengo yake, ndi malo amene kasitomala angalembe nambala ya oda n'kuona ngati chovala chake chadulidwa, chikusokedwa kapena chatha. Anayankha madzulo omwewo. Mtengo unatsika kupitirira theka, ndipo anawonjezera kuti iyenso amaona kuti imeneyo ndiyo yabwino, kungoti anthu akabwera amanena okha kuti akufuna app.

Ngongole ya ku banki m'khonde yayamba yaima. Shati yanga ndinaipeza ilibe mabatani, ndipo alamu akuti tsambalo likadzatha ndidzakhala woyamba kupatsidwa nambala ya oda.